Dimba Lopanda Ngayaye

Chidali chaka cha 1957, m'nthawi ya Chitaganya. Ndidali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndili pa chikamwini m'mudzi wina wa kwa Msakambewa. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi. Ndidali ndi mkazi, mwana wamkazi wa zaka zisanu, ndi wamwamuna amene adaleka kuyamwa m'kati mwa chaka chimenecho chifukwa mayi ake adatenga pathupi pena. Nyumba ndidamanga ndekha. Nkhokwe ndidaluka ndekha. Koma nthaka imene zidakhalapo sidali yanga, ndipo ana, monga mwa mwambo wathu, adali a kuchikazi. Mkamwini amakhala pamudzi malinga eni mudzi akumufuna. Ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinkagwira ntchito ngati munthu wozidziwa.

Mu Febuluwale kudagwa matalala kumbali yathu ya phiri. Sadakhalitse, koma adang'amba masamba a chimanga ngati nsanza, nathyola mapesi. Midzi ya tsidya lina sidaone kanthu. Pokolola, nkhokwe yanga idafika m'chiuno. Ya apongozi anga aakazi sidafike n'komwe. Aliyense wodziwa kuyang'ana nkhokwe adaona kuti pofika Disembala tidzakhala tikusesa pansi.

Ndidaganiza zolima dimba. Mwini mbumba adali atsibweni a mkazi wanga, ndiye malo ndidakapempha kwa iwo. Adandilozera chigwa china kuseri kwa phiri, kumene kuli kamtsinje kosaphwa. Anthu ankakukana chifukwa cha nguluwe. Ine ndidalima, ndidakumba zitsime ziwiri, ndidamanga mpanda wa minga, ndipo mu Ogasiti ndidabzala chimanga chamakolo, mbewu yosankha imene idakhala kudenga pa utsi. Tinkathirira ndi zitini, ine ndi mkazi wanga, kufikira pamene pathupi padamulemera. M'chigwa monsemo mudalibe chimanga china koma changa. Ndidawerengera kuti chikacha kumapeto kwa Novembala, chitiolotsa mpaka maungu ndi dowe wa kumunda.

Atsibweniwo sadali munthu woipa mtima. Sindifuna kuwanamizira ali m'manda. Adakhala zaka zambiri ku Halale, pa famu ya mzungu, nabwerako ndi njinga, chipewa, ndi ndalama zimene adagulira ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Fodya ankamudziwa. M'dera lonselo padalibe wochiza fodya wa utsi bwino ngati iwo. Akafuna kutha nkhani pabwalo ankayamba ndi mawu akuti ku Halale, ndipo nkhani inkathadi, chifukwa ambiri a ife sitidafikeko.

Kumayambiriro kwa Okutobala adabwera kudzaona dimba, ndi anyamata atatu a m'mudzi pambuyo pawo. Chimanga chidali chitandipitirira paphewa, chakuda bii, chili pafupi kumasula. Adayenda m'mizere, nagwira mapesi, nayamika. Adati sadaganize kuti munthu wa ku Ntchisi angalime chotere. Ndidathokoza.

Kenaka adakhala pa chulu nayamba za ku Halale. Adati pa famu paja, chimanga chikayamba kumasula, mzungu ankalowetsa antchito onse m'munda m'mawa uliwonse kukazula ngayaye zisanatseguke. Kapitawo ankatsata pambuyo, ndipo wosiya ngayaye ngakhale imodzi tikiti yake ya tsikulo sinkalembedwa. Zisononkho za m'munda umenewo, adatero, zinkakula ngati mkono wa munthu. Adati nzeru yake ndi yomweyo ya fodya: umadula maluwa kuti mphamvu itsikire m'masamba. Duwa limangodya chakudya cha mbewu. Ngayaye palibe amadya. Tizizule, chimanga chinenepe, ndipo ng'ombe zawo zimene zidaonda ndi chilimwe zipezepo msipu.

Ndidawafunsa ngati ankazula m'mizere yonse. Adati ayi, mizere ina inkasiyidwa apa ndi apo, chifukwa mzunguyo ankafuna kuona kusiyana kwake. Ndipo mizere yosiyidwayo, adatero, pambuyo pake inkadulidwa yosacha n'kupatsa ng'ombe. Kwa iwo umenewu udali umboni wakuti idali yachabe.

Ine sukulu ndidalekeza Sitandade 4, pa mishoni. Sindichita nazo manyazi. Zimene ndidaphunzira ndidazigwira. Ndikukumbukira m'mawa wina aphunzitsi athu atatitengera kumunda wa sukulu, mame atangouma. Adaika sileti pansi pa ngayaye nagwedeza phesi, ndipo pasiletipo padagwa fumbi lachikasu. Adati umenewu ndi mungu, ndipo ngayaye ndiyo mbali yamphongo ya chimanga. Kenaka adasenda kachisononkho kanthete mosamala, natisonyeza kuti ndevu iliyonse ili ndi malo akeake pamene yamera. Ndevu ndizo mbali yaikazi. Mungu ukagwera pa ndevu imodzi, pamalo pakepo pamabadwa njere imodzi. Pamene sudagwere, palibe njere. Adatsegulanso duwa la fodya natisonyeza timitu ta mungu titazungulira kamtengo kamodzi pakati, chachimuna ndi chachikazi m'nyumba imodzi. Chimanga ndi maungu adati zidapatula nyumba. Za maungu amayi athu ankadziwa kale: pothyola chiluwe cha ndiwo amatenga maluwa opanda kadzungu kunsi, ndipo sathyola onse.

Zimenezi ndidawafotokozera atsibweniwo nditakhala pansi, chipewa chili m'manja. Ndidati pa fodya timafuna tsamba, n'chifukwa chake timadula maluwa, ndipo ngakhale iwo amasiya mitengo ingapo ndi maluwa ake kuti apeze mbewu. Pa chimanga chimene timadya ndi mbewuyo. Tikachotsa ngayaye zonse, m'chigwa mopanda chimanga china, ndevu zidzadikira pachabe.

Atsibweniwo adandifunsa:

"Akamwini, mukuti chimanga chili ndi mwamuna?"

"Inde, bambo."

"Nanga ankhoswe ake ndi ati? Adakafunsira kwa yani?"

Anyamata aja adagwa ndi phwete. Mmodzi adati mwina nachonso chili pa chikamwini. Atsibweniwo adadikira kuti kuseka kuthe, natambasula manja awo.

"Inu mudaona pa sileti. Ine ndidazula ndi manja awa."

Adaonjezera kuti mawu anga ndi mawu a malimidwe. Wosakhalako nthawi imeneyo sangamve kulemera kwa mawuwa. Zidali zaka zimene Boma linkakakamiza anthu kuunda mizere ndi migula monga mwa muyeso wake. Akapitawo a malimidwe ankayenda m'minda ndi ndodo yoyezera, ndipo wolakwitsa ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Munthu woyankhula za mbewu ngati wochokera m'buku ankaoneka wa mbali yawo. Ndikadatha kukaitana kapitawo kuti adzandichitire umboni. Koma akadadutsa m'minda ya m'mudzi, akadapeza zolakwa, ndipo ine ndikadakhala mkamwini amene adabweretsa Boma pamudzi wa eni. Sindidapite.

Ndidangoti dimbali ndalima ndine, ndipo pasapezeke wokhudza ngayaye. Atsibweniwo adavala chipewa nanyamuka osatsazika. Madzulo mkazi wanga adati ndidayankhula ngati ndili kwathu. Ndidati chimanga sichidziwa kuti kwathu n'kuti.

Sabata lomwelo kudabwera uthenga wakuti amayi anga amwalira ku Ntchisi. Ndidanyamuka nthawi yomweyo. Ndidasiya mawu kwa mkazi wanga kuti anyamata a mkulu wake azithirira, koma asalole munthu kulowa m'mizere ndi maganizo a ku Halale. Kumudzi kwathu ine ndi mkulu wanga ndife tidali eni mbumba, ndiye sindikadachoka maliro asanametedwe. Ndidakhalako pafupifupi masabata awiri.

Pobwerera ndidayamba kudimba ndisanafike kunyumba. Ndili pamwamba pa chitunda ndidaona kale kuti munda ndi wosalala pamutu. Ndidatsika. Chimanga chidali chiriri, chobiriwira, chothiriridwa bwino, phesi lililonse lili ndi mwana, ena awiri. Pamwamba padalibe kanthu. Ndidayenda mzere ndi mzere kufuna ngayaye imodzi yoiwalika. Anyamata atatu a atsibweni aja adagwira ntchito yawo monga adaphunzitsidwira, m'mawa uliwonse, ngati kapitawo akuwatsata. Sadaiwale ngakhale imodzi.

Mkazi wanga adati adakana. Adawauza kuti mwini dimba adaletsa. Atsibweni ake adayankha kuti mwini dambo ndi iwo, ndipo akuchitira ubwino wa mbumba yawo. Mayi ake adamuuza kuti atseke pakamwa. Adalira pondiuza. Sindidamukalipire.

M'mawa mwake atsibweniwo adabwera kudzandipepesa maliro, monga mwa mwambo, ndipo titatha adanditengera kudimba ali okondwa. Adagwira ndevu za chisononkho china nazitambasula pa chikhato. Zidali zazitali kufika pa chigongono, zofiirira, zanthete ngati zatuluka lero. Adandifunsa ngati chibadwire ndidaonapo ndevu zazitali chotere. Adati mphamvu yonse ya ngayaye yatsikira m'menemo. Ine ndinkadziwa kuti ndevu imene yalandira mungu siichedwa kufota ndi kuda. Imene ikukulabe ndiye kuti sinalandire. Zoyankhula ndidali nditayankhula kale.

Ndidafunsafunsa kumene kungapezeke chimanga chomasula. Adandiuza za dimba lina kuseri kwa zitunda ziwiri, ulendo woti ukanyamuka kukucha umafika dzuwa litakwera. Mwini wake adali mayi wamasiye, wamkulu kuposa ine, wa ana aamuna awiri amene adali ku migodi. Nditapempha ngayaye adandiyang'ana moipa. Adayesa ndikufuna kukawa chimanga chake ndi mankhwala, kuti chisamukire m'nkhokwe yanga. Ndidamufotokozera za mungu, koma sadamve. Nditatchula chiluwe cha maungu ndi pamene adati aa, mukadayamba ndi pamenepo. Adavomera kuti ndizidula m'mizere ya m'mbali, modumphadumpha, iye akuona. Malipiro ake adati ndizimuthirira dimba ndi kumukonzera mpanda, poti msana wake udatha. Adati sadamvepo munthu wobwereka tambala wa chimanga, koma dziko lasintha.

Ndiye ntchito yanga idakhala imeneyo. Ndinkanyamuka kukucha, n'kuthirira dimba la mayiyo, n'kudula ngayaye zimene zayamba kutseguka. Ndinkaziimika m'chitini cha madzi, n'kuphimba ndi tsamba la nthochi, n'kusenza. Dzuwa la Okutobala m'mapiri amenewo silimvera munthu chisoni, ndipo mungu ndi chinthu chosakhalitsa. Wambiri unkathothokera panjira. Wotsalira patsamba ndinkaukokolola ndi nthenga ya nkhuku. Ndikafika ndinkagwedeza ngayaye pamwamba pa ndevu, phesi ndi phesi, kuyambira kuchitsime cha kumtunda. Zikatha ndinkayamba kuthirira langa. Ndevu zambiri zidali zitakalamba. Ndinkadziwa. Ndinkagwedezabe.

Njira yanga inkadutsa pa chitsime cha m'mudzi, ndipo amayi otunga madzi adapeza chosekera. Ankati akamwini abwera ndi fisi wa chimanga, monga muja amabwerekera mwamuna m'nyumba yosabala. Wina ankafunsa ngati mkwati wadya, kapena amuphere nkhuku. Wina ankati ndiphimbe bwino angaonedwe ndi apongozi. Ndinkadutsa osatembenuka. Kuseka sikupha munthu.

Tsiku lina mkazi wanga adabwera ndi mimba yakeyo kudzandithandiza. Adagwedeza mizere iwiri, mungu utamumata m'tsitsi ndi pa nsidze. Adati ngakhale zitakanika, anthu adzadziwa kuti tidayesa. Asanayambe wachitatu kudabwera mwana wotumidwa ndi mayi ake kuti abwerere kumudzi msanga. Sadabwerenso.

Kuseka kuja kudayamba kusintha. Anthu adayamba kufunsana chimene mwamuna wa mkazi wapakati akufuna m'mawa uliwonse kwa mayi wopanda mwamuna. Amati maluwa a chimanga? Ndani angakhulupirire? Adamva kuti ndamumangira mpanda. Adamva kuti adandipatsako mbatata yootcha. Ndikafika pa chitsime ankangoti zii. Ndidapitabe kufikira ngayaye za mayiyo zitauma.

Kumapeto kwa Novembala ndidayamba kusenda. Kunja makoko adali otupa ngati muli kanthu. M'kati mudali chisononkho choyera, chofewa, chili ndi njere apa imodzi, apo ziwiri, ngati mano a nkhalamba. Zambiri zidalibe ngakhale imodzi. Mizere ya kuchitsime cha kumtunda, kumene ndinkayambira kugwedeza, ndiyo idabalako theka. Dimba limene likadadzaza ngolo kangapo lidatulutsa madengu awiri osadzaza.

Atsibweniwo adabwera. Adasenda chimodzi, nachitaya. Adasenda china, ndi china, mpaka kumapeto kwa mzere. Adaima nthawi yaitali atandifulatira. Ndidayesa anena kuti adalakwitsa. Ndikadawalandira ndi manja awiri, ndipo sindikadatchulanso nkhaniyo moyo wanga wonse. Atatembenuka adati chimangachi chinkayenda bwino, aliyense adaona ndevu zake, kufikira pamene munthu adayamba kubweretsamo zinthu za m'munda wa eni. Adanena pamaso pa anthu. Padalibe wofunsa china.

Mvula idagwa, tidabzala kumunda, ndipo nkhokwe idatha Khirisimasi isanafike. Ndidayenda m'midzi ya tsidya lina kupalira minda ya anthu kuti andipatse gaga kapena chinangwa. Sindidali ndekha. Mbali yonse ya phiri idali panjira ndi makasu, ndipo olemba ganyu ankasankha. Tinkadya kamodzi. Mango osapsa tinkaphika. Akulu tidaonda, basi. Mtsikana wanga adalimba, poti ankatola zakezake m'tchire ndi anzake. Koma mnyamata adali atachoka kubere, ndipo phala la gaga lopanda nsinjiro silimanga thupi la mwana.

Mu Januwale mapazi ake adayamba kutupa. Kenaka masaya. Tsitsi lidafiira n'kuyamba kuthothoka, khungu la m'miyendo likusupuka. Adaleka kuyenda. Adaleka ndi kulira komwe. Ankangokhala pamene wamukhazika, akuyang'ana pansi. Kale ankanditsata ndi kamtengo paphewa ngati khasu. Tsopano ndikamuitana ankangotembenuza maso.

Amayi akuluakulu adabwera kudzamuona, ndipo adati ndi tsempho. Adati mwana amatupa chotere bambo ake akagona kunja n'kubwera kudzadya ndiwo zothiridwa mchere m'nyumba. Wolakwa sadamufune kutali. Adakumba mankhwala, koma adati sangagwire ntchito pokhapokha bambo wa mwana ataulula. Apongozi anga aakazi, amene chikwatire sitidayang'anane kumaso, adaima pakhomo panga natumiza mawu kudzera mwa mwana wawo kuti ndiulule, mdzukulu wawo achire.

Ndidati ndilibe choulula. Ndidati mwanayu ndi njala, ndipo ndikupita naye ku chipatala cha mishoni. Ndikumanga nsalu yomuberekera, ndidapeza njinga ya atsibweni itatsamira pa nkhokwe yanga. Adali ataisiya pamenepo okha. Ndidakwera.

Namwino adadina chala pa phazi la mwanayo. Atachotsa, padatsala dzenje. Adandifunsa chimene akudya, ndidamuuza. Adati akufunika mkaka, mazira, nsinjiro, ndipo adafunsa chifukwa chake tidachedwa. Adamugoneka. Adayesa kumumwetsa mkaka ndi kasupuni, koma m'mimba simunkasunga kanthu. Mayi ake adafika wapansi tsiku lotsatira. Mwanayo adakhala masiku owerengeka. Adamwalira masana, ali pamiyendo panga, mvula ikugwa pa malata. Maliro adabwerera kumudzi pa ngolo ya atsibweni.

Atameta maliro, ankhoswe adakhala pansi. Wa mbali yanga adali mkulu wanga, amene adabwera kuchokera ku Ntchisi. Nkhani isanayambe adanditengera kuseri kwa khola. Adati wayankhula nawo kale, ndipo anthuwa sakufuna kundithamangitsa. Akudziwa kuti mkamwini wolima ngati ine sapezeka. Akungofuna munthu woti asenze imfayi. Ndikavomera kuti ndidalakwa ndi mayi uja, ndilipira mbuzi imodzi, ndimwa mankhwala, ndipo pakatha chaka palibe adzakumbukire. Mbuziyo apereka ndi iye. Koma ndikakana, ndiye kuti mudzi uyenera kunena kuti mwini mbumba adapha mdzukulu wake ndi nzeru za ku Halale, ndipo palibe mudzi umene unganene zimenezo chifukwa cha munthu wobwera. Adati ganiza za ana, mng'ono wanga. Choonadi sichiphika phala.

Ndidati mayi uja adandichitira chifundo, ndipo ali ndi ana aamuna amene adzabwera kuchokera ku migodi n'kumva kuti mayi wawo adapha mwana wa eni ndi chigololo. Mkulu wanga adati mayiyo ali kwawo, palibe angamuchotse. Wochotsedwa ndine.

Mkazi wanga adandipeza m'nyumba ndikusintha malaya. Mimba idali itatsika. Kudatsala mwezi kapena kuposerapo pang'ono. Adagwada movutika pafupi ndi khomo.

"Bambo ake, ingovomerani."

"Nawenso ukuti ndidachita?"

"Ayi. Ndikudziwa kuti simudachite. Ndinkaona mapazi anu mukabwera. Koma vomerani."

"Ndinene kuti ndidapha mwana wanga?"

"Mwanayo wapita. Ndikunena za amene atsala."

Adakhala chogwada kanthawi, kenaka adagwira chitseko nadzuka.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Mbali yawo idayankhula nthawi yaitali. Adatchula maulendo a m'mawa, mpanda, mbatata. Adatchula kuti ndidakana kuulula mwana ali moyo. Mkulu wanga adayankha mofatsa, akusiya khomo lotsegula kuti ndilowepo. Kenaka adandipatsa mpata.

Ndidayankhula mwachidule. Ndidati mayi uja sindidamukhudze ngakhale chala. Ndidati mwana wanga adafa ndi njala, ndipo namwino adanena pamaso pa mayi ake. Ndidati njalayo ikadatipeza ndithu chifukwa cha matalala, koma sikadatipha, chifukwa ndidalima dimba. Dimbalo lidalephera chifukwa ngayaye zidazulidwa ine ndili kumaliro a amayi anga, nditaletsa. Sindidatchule munthu. Padalibe chifukwa.

Apongozi anga aakazi adayamba kulira mokweza. Mkulu wanga adagwira kumutu. Atsibweni adali atazolika, akutembenuza chipewa chawo m'manja, ndipo sadadzutse nkhope mpaka pomaliza. Woyankhula adali mng'ono wawo. Adati munthu wosavomera kulakwa sakhala naye pamudzi, chifukwa mawa adzapha wina. Adati nditenge zanga.

Zanga zidali khasu, nkhwangwa, mphasa, bulangete ndi chitini chimodzi. Chimanga cha kumunda chimene ndidabzala ndi kupalira chidali chitayamba kubereka. Chimenecho chidali cha pamudzi. Ndidanyamuka m'mawa ndi mkulu wanga. Mkazi wanga sadatuluke. Mtsikana wanga adandithamangira mpaka kumapeto kwa nyumba, akufunsa ngati ndikupita kudimba, kuti apite nawo. Ndidamuuza kuti abwerere kwa amake. Adabwerera, poti adali mwana womvera.

Tidauyamba ulendo, mkulu wanga ali patsogolo. Titayandikira kwathu adangoti mbuzi idali yotsika mtengo.

Ndidakhala kwathu, ndipo patapita zaka ndidakwatiranso. Ulendo uno mkazi ndidamutengera kumudzi kwathu. Ndidabala ana ena, adakula, ndipo palibe amene adagonapo ndi njala m'nyumba mwanga. Dziko litalandira ufulu, mbewu za makono zitafika, mlangizi wina adatifotokozera m'mene amazipangira: amabzala mitundu iwiri ya chimanga m'mizere, n'kuzula ngayaye za mtundu umodzi kuti ulandire mungu wa unzake wokha. Mizere yamphongoyo ikatha ntchito amaidula. Ndidazindikira pamenepo chimene atsibweni aja ankachita ku Halale. Adagwira ntchitoyo ndi manja awo, adaiona ndi maso awo, ndipo padalibe amene adaona kuti n'koyenera kuwauza tanthauzo lake. Ndidamvanso kwa anthu kuti m'munda mwawo sadazulemonso ngayaye, ndipo nkhaniyo sadaitchulepo mpaka imfa.

Ana anga a banja lachiwiri adandifunsapo ngati ndikadabwerera tsiku lija ndikadavomera. Mmodzi, amene adaphunzira kwambiri, adati kudali kuuma mutu. Mwina. Ine chimene ndidziwa n'chakuti sindidachite, ndipo sindidanene kuti ndidachita. Sindifunsa munthu kuti andiyamikire. Koma mtengo wake ndimaudziwa, ndipo sindidaubisepo.

Dimba limodzi, ndi zitsime zake ziwiri. Munda umodzi wa chimanga chobereka, umene ndidalima koma sindidadye. Nyumba imodzi ndi nkhokwe imodzi. Mbiri ya mayi mmodzi wosalakwa, imene idaipabe ngakhale ndidakana. Mkazi mmodzi, amene adakwatiwa ndi wina patapita zaka ziwiri. Mwana wamwamuna mmodzi, ali kumanda a eni, kumene sindidaloledwe kupitanso. Mwana wamkazi mmodzi, amene ndidamuonanso kamodzi kokha ali mayi wa ana, pamsika, ndipo adandipatsa moni wa munthu wachilendo. Ndi mwana wina mmodzi, wobadwa ine nditachoka. Adandiuza kuti adali wamwamuna. Nkhope yake sindiidziwa.